Baibulo limamveka bwino pawekha kapena pagulu?

Mayi wa ku Kamuzu Road:
Mwaswera bwanji nonse muno? Ndili ndi funso limene lakhala likundisautsa, ndipo ndikupempha mundithandize maganizo. Kumlaga kwathu timakumana Lachitatu masana kuti tiphunzire Mawu, koma masiku ano ndimabwerako mtima uli wouma. Timayamba mochedwa. Tikatha nyimbo pamabwera zolengeza, za chipepeso, za ndalama ya simenti, za amene sanasonkhe. Kenaka iwerengedwe vesi imodzi, munthu mmodzi yemweyemweyo alankhule mpaka dzuwa lipendeke, ife tingovomereza kuti ame. Koma ndikadzuka m'bandakucha ana ali mtulo n'kutsekula Baibulo ndekha, mutu umodzi umandigwira mtima tsiku lonse. Ndiye ndikufunsa, ndikasiya za kumlagazi n'kumawerenga ndekha kunyumba, ndalakwa? Mulungu amene amalankhula pagulu si yemweyo amalankhula kuchipinda kwanga?

Mnyamata wa kabaza, pa boma:
Amayi, palibe cholakwa pamenepo. Mateyu 6:6 akuti ulowe m'chipinda chako utseke chitseko. Ambuye Yesu eni ake ankalawirira kusanache kukapemphera kwaokha, onani Marko 1:35. Ine za magulu ndinasiya kalekale. Baibulo ndili nalo pa foni, ndikamadikira makasitomala pa siteji ndimawerenga. Komanso 1 Yohane 2:27 akunena poyera kuti amene ali ndi kudzoza safunika wina womuphunzitsa. Mzimu Woyera ndi mphunzitsi wokwanira.

Mkulu wa mpingo, Chipoka:
Mwana wanga, ndakondwera kuti ukuwerenga Mawu ngakhale uli pantchito, ambiri foni amangoonerapo mpira. Koma tabwerera pa Mateyu 6 uwerenge vesi 5 usanafike pa 6. Ambuye akudzudzula anthu opemphera m'mphambano za misewu kuti anthu awaone. Nkhani pamenepo ndi chinyengo cha mumtima popemphera, sakuletsa kusonkhana. Ndipo pemphero limene akuphunzitsa pamutu womwewo likuti Atate wathu, tipatseni, mutikhululukire. Ndi pemphero la anthu ambiri.
Ku 1 Yohane nakonso yamba pa vesi 26. Yohane akuti walemba izi chifukwa cha anthu osocheretsa. Akuwauza kuti asatengeke ndi aphunzitsi achilendo obwera ndi zatsopano. Akanakhala kuti akutanthauza kuti Mkhristu safuna mphunzitsi aliyense, nanga iyeyo kalatayo ankalemberanji? Pajatu polemba ankaphunzitsa.
Ine chimene chimandigwira ndi nduna ya ku Itiyopiya ija pa Machitidwe 8. Munthu wophunzira, wosunga chuma chonse cha mfumukazi, wokhala ndi buku lakelake la Yesaya pa nthawi imene buku linali chinthu chodula kwambiri. Akuwerenga yekha pagaleta. Filipo atamufunsa ngati akumva zimene akuwerengazo, anayankha kuti angamve bwanji popanda womutsogolera. Mzimu Woyera analipo, ndipo ndi Mzimuyo amene anatuma Filipo kuti athamangire galetalo.

Mnyamata wa kabaza, pa boma:
Za vesi 5 ndamva, bambo. Koma funso la amayiwa silinayankhidwe. Filipo anafotokoza Malemba, sanayambe ndi za ndalama ya simenti.

Mphunzitsi wa ku Khombedza:
Achimwene a kabaza anena zoona pamenepo, ndipo tibwererepo. Koma ndiloleni ndiikepo kambiri pang'ono, poti ine nkhaniyi imandikoma.
Ife tinazolowera kuti aliyense ali ndi Baibulo lake, mpaka timaganiza kuti zinali choncho kuyambira kale. Ayi. Mabuku ambiri a m'Baibulo anafika kwa anthu powerengedwa mokweza pamaso pa khamu. Pa Akolose 4:16 Paulo akuti kalatayi ikawerengedwa pakati panu, muitumizenso ku mpingo wa ku Laodikaya, inunso muwerenge yochokera kumeneko. Pa Chivumbulutso 1:3 wodala ndi iye amene awerenga ndi iwo amene akumva. Owerenga mmodzi, akumva ambiri. Pa Nehemiya 8 Ezara anawerenga Chilamulo pabwalo kuyambira m'mawa mpaka masana, amuna ndi akazi atasonkhana, ndipo Alevi ankatanthauzira kuti anthu amvetse zimene zawerengedwa.
Mabuku ankakopedwa pamanja kwa zaka mazanamazana. Baibulo loyamba kusindikizidwa pa makina ndi la Gutenberg ku Germany, cha m'ma 1455. Ngakhale mitu ndi mavesi timadalirazi n'zobwera pambuyo. Mitu inagawidwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo amene amatchulidwa pa ntchitoyi ndi Stephen Langton, yemwe anakhala arkibishopu wa ku Canterbury. Manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Paulo sanalembe mavesi, analemba makalata oti awerengedwe kuyambira pamoni mpaka potsanzikana. N'chifukwa chake kubudula vesi imodzi kumatipweteka, kaya wabudula uli wekha kaya uli pamlaga.
Kwathu kunonso taganizani. Mishoni ya Mvera, pamtunda pomwepa tikamakwera kupita ku Lilongwe, inayamba mu 1889. Baibulo lathunthu la Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, William Murray atagwira ntchitoyo zaka zambiri pamodzi ndi anzake ndi aphunzitsi a kuno kwathu. Zaka zoposa 30 zimenezo makolo athu ankabatizidwa, kuimba, kuikidwa m'manda ali Akhristu, opanda Baibulo lathunthu m'chinenero chawo. Zigawo zimene zinalipo ankamvera pamodzi m'sukulu za m'midzi, mphunzitsi akuwerenga, iwo akuloweza.
Sindikunyoza kuwerenga pawekha, ndi mwayi waukulu umene agogo athu ankaulakalaka. Ndikungoti bukuli linabadwira pagulu.

Namwino wa ku Salima:
Aphunzitsi, mbiriyo ndi yabwino ndipo ndaphunzirapo. Koma ine ndikana pang'ono, chifukwa mmene zikumvekeramu zili ngati gulu ndiye chitetezo, kuwerenga wekha ndiye ngozi. Zimene ndimaona kuntchito zimandiuza kuti gulu nalo limasochera, ndipo likasochera limapha.
Timalandira anthu amene anali bwinobwino pa ma ARV, ena pa mankhwala a shuga kapena a BP, n'kusiya chifukwa kugulu la mapemphero anauzidwa kuti kumwa mankhwala ndi kusakhulupirira. Amabwera atafooka, ena sitiwapulumutsa. Anthu amenewa sanasochere ali okha kuchipinda. Anasochera pakati pa anzawo, akuimba, akuwomba m'manja, wina ali kutsogolo ndi Baibulo lotsekula. Anawerengeredwa Yakobo 5:15 kuti pemphero la chikhulupiriro lidzapulumutsa wodwala. Palibe anawauza kuti Paulo yemweyo amene ankachiritsa anthu anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, 2 Timoteo 4:20, kapena kuti analangiza Timoteo chochita ndi vuto lake la m'mimba, kapena kuti ankayenda ndi Luka amene akumutchula sing'anga wokondedwa pa Akolose 4:14. Munthu amene anawerengapo yekha makalata amenewa mpaka kumapeto savomera msanga kutaya mankhwala m'chimbudzi.
Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 akuyamikiridwa chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene akumva zili zoona. Amene ankamufufuzayo anali Paulo mtumwi. Ngati Paulo ankafufuzidwa, mneneri wa pa TikTok tisamufufuze bwanji?
Ine ndimagwira mashifiti, Lachitatu lambiri limandipeza kuwodi. Chimene chandisunga ndi kuwerenga ndekha. Amayi a ku Kamuzu Road, m'bandakucha wanuwo musausiye zivute zitani.

Mkulu wa mpingo, Chipoka:
Anamwino, apa sindingatsutse. Maliro otere tayikapo kuno.

Mtsikana wa SCOM:
Moni makolo nonse. Ine ndingofunsa, nanga munthu ukamawerenga wekha n'kufika poti sukumva, umatani? Ndinayamba Genesis ndi mtima wonse, Eksodo ndinadutsa, koma pa Levitiko ndaima. Nsembe, nkhungu ya m'nyumba, nyama zodetsedwa, sindikuona pogwira. Komanso Baibulo la kunyumba ndi la Chichewa chakale chija, mawu ena ndimachita kufunsa amayi.

Mphunzitsi wa ku Khombedza:
Mwana wanga, pa Levitiko paima anthu ambiri, usadzione ngati wolephera. Usakakamire kuyenda motsatana kuyambira tsamba loyamba. Yamba ndi Marko, uli ndi mitu 16 yokha ndipo nkhani yake imathamanga. Ukatha upite ku Luka ndi Machitidwe, wolemba wake ndi mmodzi ndipo nkhani imapitirira. Levitiko udzamubwerere uli ndi Ahebri pambali, chifukwa Ahebri ndi amene amamasula za nsembe ndi unsembe zija. Baibulo la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189, ndiye mitu itatu kapena inayi patsiku umalimaliza m'chaka, koma ine sindilimbikitsa mpikisano. Gula kope la masamba ochepa, uzilemba funso lililonse limene lakuvuta, usadumphe ngati sunaone. Petro yemwe anavomera pa 2 Petro 3:16 kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kumvetsa.
Za chinenero, funa Buku Loyera limene a Bible Society of Malawi anatulutsa mu 1998, Chichewa chake n'chapafupi ndi chimene timalankhula. Lakalelo usalitaye, uziwerenga ndime imodzi m'mabuku onse awiri.

Mtsikana wa SCOM:
Zikomo aphunzitsi. Koma mafunso a m'kopewo ndikawalemba ndikafunse ndani? Kusukulu tinkafunsana ku SCOM, gulu la ophunzira achikhristu, pano ndili pakhomo.

Katekisiti wa ku Lifuwu:
Funso la mtsikanayu ndi la amayi aja ndi limodzi. Onse akufuna malo oti akafunse ndi kulankhulako, osati kukangomvera. Ndifotokoze mmene ife Akatolika timachitira kumphakati, mwina abale a mipingo ina mutolapo kanthu.
Miphakati inakhazikika mu dayosizi ya Lilongwe nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, pa sinodi imene inachitika kuyambira 1973 mpaka 1975. Cholinga chinali choti Mpingo usamangodikira wansembe amene amafika kamodzikamodzi, koma mabanja oyandikana azikumana okha kumva Mawu ndi kuthandizana. Njira imene ambiri timatsata pogawana Mthenga Wabwino ndi ya masitepe 7, inachokera ku Lumko, bungwe la Mpingo wa Katolika ku South Africa. Timayamba ndi kuitana Ambuye. Ndime iwerengedwe, kawirikawiri kawiri, ndi anthu osiyana. Kenaka aliyense atchule mokweza mawu ochepa amene amukhudza, osawafotokoza. Tikatero timakhala chete mphindi zingapo, chete weniweni. Ndiye aliyense amene akufuna anene chimene Mawuwo amuuza iyeyo pa moyo wake. Apa lamulo ndi loti palibe kulalikira mnzako ndipo palibe kutsutsana. Pambuyo pake timakambirana ntchito yoti tichite sabata imeneyo, kaya kukaona wodwala kaya kukafolera nyumba ya agogo ena, n'kutseka ndi mapemphero.
Chimene ndimakonda ndi kachetechete kaja. Munthu uli pagulu koma kwa mphindi zimenezo uli wekha ndi Mulungu. Ndipo wotsogolera ntchito yake ndi kutsekula khomo kuti ena alankhule. Sindinama kuti miphakati yonse imayenda chonchi. Ilipo ina imene inasanduka misonkhano ya zopereka basi, ndipo zimandiwawa. Koma pamene njirayi ikutsatidwa, ndaonapo amayi amene sanapite kusukulu akunena mawu amene ine wophunzira za katekisimu sindikanawaganiza.
Chofooka chake ndinenenso. Poti sititsutsana, wina akamva ndime molakwika zimatha kungodutsa. N'chifukwa chake pamafunikabe nthawi ina ya maphunziro enieni.

Bambo wa Adventist, Senga Bay:
Kwathu ziwirizi tinazimanga pamodzi. Lesoni ya Sukulu ya Sabata ili ndi gawo la tsiku lililonse loti uwerenge wekha kunyumba, ndiye Sabata m'mawa timagawana m'makalasi ang'onoang'ono kukambirana zomwezo. Kalasi imakoma anthu akabwera atawerenga. Akabwera osawerenga, mphunzitsi amalankhula yekha, osati chifukwa chokonda kulankhula koma poti akafunsa funso onse amayang'ana pansi. Mwina bambo a kumlaga kwanuwo nawonso anayamba choncho, amayi.

Mlovi wa ku Senga Bay:
Ine ndimangowerenga zanuzi, kulemba kumandivuta, pepani. Ife usiku tili panyanja ndi chilimira, masana tikugona kapena kusoka ukonde. Mlaga wa masana sutipeza. Kuwerenganso ndimachedwa, sukulu ndinalekeza panjira. Chimene chimatithandiza ndi Baibulo lomvera, mnzathu wina analiika pa memori khadi. Mwera ukavuta osalowa m'madzi timakhala pansi pa mtengo anthu angapo n'kumamvera pa sipika. Tikamva za Petro kugwira ntchito usiku wonse osapha kanthu timayang'anana, chifukwa ife timadziwa mmene thupi limamvera m'mawa wotero, ndiye wina akuuze kuti bwerera ukaponyenso. Timaimitsa n'kukambirana. Kaya limeneli ndi gulu kaya ayi, mutiuze ndinu.

Katekisiti wa ku Lifuwu:
Limenelo ndi gulu ndithu achimwene, ndipo Luka 5 mukuimva kuposa ife a kumtunda.

Mdzukulu wa agogo, Thavite:
Ndakhala ndikuwawerengera agogo anga zokambiranazi, ndiye andituma kuti ndilembe mawu awo kwa amayi a ku Kamuzu Road. Ndilemba mmene anenera.
Akuti, mwana wanga, ine maso anatha, ngakhale kale sindinkawerenga bwino. Mawu onse amene ndili nawo mumtima ndinawamva kwa anthu, kukalasi, ku Chigwirizano, kumlaga. Mdzukulu wangayu akapita kusukulu nyumba ino mulibe wondiwerengera. Tsiku la mlaga ndi limene ndimamva Baibulo likuwerengedwa pafupi, poti kutchalitchi ndimakhala kumbuyo ndipo makutu nawo ayamba kuvuta. Inu amene Mulungu anakupatsani maso ndi sukulu mukatuluka mmodzimmodzi kukawerenga kwanu, kumlaga kutsala ife osaona ndi uja wolankhula yekhayo. Ndiye adzamufunse ndani? Chikuni chimodzi sichipsetsa mphika. Zimene mumapeza m'bandakuchazo mukazisunga nokha, ife tidzazimva kuti?
Atero agogo. Akuti musakhumudwe nawo.

Mayi wa ku Kamuzu Road:
Auzeni agogo kuti sindinakhumudwe, mawu awo andilasa. Kumlaga kwathunso alipo amayi achikulire awiri otero, ndipo mmodzi amandigwira dzanja tikamabalalika kuti ndimubwerezere vesi ija.
Koma ndinene chilungamo, vuto langa silinathe. Mukuti ndikagawane zimene ndapeza. Ndikagawane nthawi yanji? Mpata superekedwa. Ndipo kwathu kuno mukudziwa, mzimayi kukweza dzanja n'kunena kuti bambo, vesi imeneyo ine ndikuiona mosiyana, mawa udzamva kuti mayi uja ndi wamwano, akufuna udindo. Tsiku lina kunawerengedwa za kugonjera kwa akazi pa Aefeso 5:22, n'kulekeza pomwepo. Ine ndikudziwa kuti vesi 21 ikuti tizigonjerana, ndipo vesi 25 ikulamula amuna kukonda akazi awo monga Khristu anakondera mpingo mpaka kuufera. Pamenepo panali mayi wina amene tonse tikudziwa zimene akukumana nazo kunyumba kwake. Anangoweramitsa mutu. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa, ndipo maganizo osiya mlaga anayambira pamenepo.

Namwino wa ku Salima:
Izi ndi zimene ndimanena. Vesi yodulidwa pakati, yoperekedwa kwa munthu wovulala kale.

Mkulu wa mpingo, Chipoka:
Amayi, zimene mwanenazi n'zolemera, ndipo ife atsogoleri tizimve bwino. Mlaga si guwa laling'ono. Ulaliki uli ndi malo ake Lamulungu. Pa 1 Akorinto 14:26 Paulo akuti mukasonkhana wina ali ndi salimo, wina chiphunzitso, wina vumbulutso, ndipo pa vesi 29 akuti ena akalankhula otsalawo aziyesa zimene zanenedwa. Kuyesa kumeneko si mwano. Apolo anali munthu wodziwa kulankhula, wamphamvu m'Malemba, koma pa Machitidwe 18:26 Prisila ndi Akwila atamumva anamutengera pambali n'kumufotokozera njira ya Mulungu molondola. Mmodzi mwa omuwongolawo anali mzimayi, ndipo Apolo sanachepe nazo.
Onaninso kuti anamutengera pambali. Ine malangizo anga ndi amenewo. Musayambe ndi kutsutsa pagulu. Pitani kwa bambowo ndi mnzanu mmodzi kapena awiri, mwaulemu, mukapemphe zinthu zooneka. Ndime ya sabata yamawa izilengezedwa lero kuti aliyense akawerenge kunyumba. Iziwerengedwa yonse, osati vesi imodzi. Mawu aziyamba, zandalama zizibwera kumapeto. Otsogolera azisinthana, amayi ndi achinyamata omwe. Zikakanika, abusa alipo, ndipo abusa ambiri amene ndikuwadziwa amafuna milaga yamoyo. Mlozo, kabuku ka ndime zowerenga tsiku ndi tsiku kamene ambiri tili nako m'nyumba, ungathandizenso, poti aliyense amakhala wawerenga ndime zofanana sabata imeneyo.
Ahebri 10:25 akuti tisaleke kusonkhana, koma vesi 24 ikunena chifukwa chake, kuti tifulumizane ku chikondi ndi ntchito zabwino. Msonkhano umene sukuchita zimenezo ukufunika kukonzedwa, ndipo okonza ake ndi anthu ngati inu amene mukuona kuti wapotoka.

Mayi wa ku Kamuzu Road:
Zopempha zinayizo ndazilemba. Ndilankhula ndi mnzanga wina amene tinkadandaula limodzi, tione ngati tingapite. Sindikulonjeza kuti zitheka, bambowo ndi ovuta, koma ndiyesa.

Mphunzitsi wa ku Khombedza:
Muyambe ndi chija cholengeza ndime. N'chosavuta kuvomera chifukwa sichikuchotsera munthu ulemu, koma chikangoyamba anthu amabwera ali ndi mafunso, ndipo zinazo zimatsatira zokha.

Mayi wa Anglican, Nkhotakota:
Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda wa mpunga. Ndiwonjezere chimodzi chimene sichinatchulidwe. Kuno ku Linga timakhala ndi abale athu Achisilamu khomo ndi khomo, ena ndi achibale enieni. Ana awo madzulo ali ku madrasa, akuloweza pamodzi mokweza, ndipo amakula akudziwa buku lawo. Athu timangowagulira Baibulo n'kuwauza kuti uziwerenga. Mwana wa zaka 10 awerenga yekha chiyani? Gulu loyamba ndi pakhomo. Ife tikatha kudya madzulo timawerenga ndime yaifupi, ana amasinthana kuwerenga, ndipo amaloledwa kufunsa chilichonse. Mafunso a ana ndi amene andibweza ku Baibulo kuposa maulaliki ambiri, chifukwa mwana ukamuyankha mozemba amaona.

Mnyamata wa kabaza, pa boma:
Zonsezi ndamva ndipo zina ndavomera. Koma pali chimodzi chimene simunakhudze. Pagulu munthu sunganene zakukhosi. Ukanena kuti ndikulimbana ndi chakuti, kapena kuti vesi yakuti ikundikayikitsa, mawa nkhani ili pamjigo. Ena amaibweretsa ngati pempho la pemphero, tipempherere m'bale wathu uja, koma ndi miseche yomweyo. Ine zinandichitikira kumpingo kwina ndipo mpaka lero ndikadutsa ena amandiloza. Ndiye munthu umasankha kungokhala ndi Baibulo lako, ilo silikaulula.

Katekisiti wa ku Lifuwu:
Pepa mwana wanga, bala limenelo ndi lenileni ndipo amene anachita zimenezo anachimwa. Sizonse zoyenera kunenedwa pa anthu makumi awiri. Koma pakati pa khamu ndi kukhala wekhawekha pali malo ena. Pa njira ya ku Emau, Luka 24, anali anthu awiri okha akukambirana zimene zinawasokoneza, ndipo Ambuye anadzayenda nawo n'kuwatsekulira Malemba kuyambira kwa Mose ndi aneneri onse. Funa munthu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi. Pa siteji pomwepo sipangalephere mnzako wina amene amawerenganso.

Namwino wa ku Salima:
Ine ndili naye mmodzi wotero, timatumizirana mavoisi tikaweruka. Si gulu la mpingo koma amandibweza ndikayamba kupotoza ndime kuti igwirizane ndi zofuna zanga, poti pawekha chiyeso chimenecho chimakhalapo. Umathamangira masalimo otonthoza, Amosi ndi Yakobo n'kumawalambalala.

Mlovi wa ku Senga Bay:
Achimwene a kabaza, mukadzabweretsa kasitomala ku Senga Bay tsiku la mwera mudzatipeze pagombe. Ife sitifunsa za moyo wa munthu, timangomvera n'kukambirana.

Mnyamata wa kabaza, pa boma:
Zikomo achimwene, ndidzafika. Poti muno anthu simukundidziwa nkhope, ndifunse chimene chakhala chikundisowetsa tulo. Marko 3:29, za tchimo lochitira mwano Mzimu Woyera limene silikhululukidwa. Nthawi imene ndinachoka kumpingo kuja ndinali wokwiya, ndinalankhula mawu oipa okhudza Mulungu ndi mapemphero. Ndikafika pa vesi imeneyi ndimatseka foni. Kodi munthu angadziwe bwanji ngati anachita tchimo limeneli?

Mkulu wa mpingo, Chipoka:
Mwana wanga, tsekula Marko 3 tiwerenge limodzi, uyambire pa vesi 22. Alembi ochokera ku Yerusalemu aona Yesu akutulutsa ziwanda, anthu akumasulidwa pamaso pawo. Sakukana kuti zachitika. Akunena kuti akuchita ndi mphamvu ya Belezebule, mkulu wa ziwanda. Ndiye pita pa vesi 30, Marko akufotokoza yekha chifukwa chimene Yesu ananenera mawu aja, akuti chifukwa ankanena kuti ali ndi mzimu wonyansa. Tchimo limeneli ndi la munthu amene akuona ntchito ya Mulungu ndi maso ake, akudziwa, koma mwadala ndi mosalekeza akuitcha ya Satana, ndipo safuna kubwerera. Sakhululukidwa chifukwa akukana yekhayo amene akanamufikitsa pa kulapa.
Tsono usadumphe vesi 28, imene ikuti machimo onse adzakhululukidwa kwa ana a anthu, ndi zamwano zonse zimene anganene. Petro anatukwana ndi kulumbira kuti Yesu sakumudziwa, Marko 14:71, ndipo anabwezedwa n'kupatsidwa nkhosa kuti adyetse. Paulo pa 1 Timoteo 1:13 akudzitchula yekha kuti anali wamwano ndi wozunza, koma anachitiridwa chifundo. Mawu olankhula munthu atapwetekedwa ndi anthu a mumpingo ndi tchimo loti ulape, inde, koma si limene likunenedwa apa. Alembi aja sankasowa tulo ndi mantha amene uli nawo iwewa. Usiku uno uwerenge Yohane 6:37, ndipo ukafuna tilankhule pa foni, ndilembere kumbali ndikuimbira ine kuti usawononge mayunitsi ako.

Mnyamata wa kabaza, pa boma:
Vesi 30 ndinali ndisanaionepo bwino. Ndakulemberani kumbali, bambo.